Milamba ya malume ndi dziwe langa loyamba

Mayi wina wa ku Senga Bay wandilembera imelo. Wakumba kadziwe kuseri kwa nyumba, ndiye akufunsa ngati chambo, mlamba ndi mbuna zingakhale m'madzi amodzi. Mayi, funso lanuli landitosa pachilonda.

Dziwe langa loyamba ndidakumba kuno ku Nkhotakota, chakufupi ndi Chia, pa dothi lamakande losataya madzi. Ndidaikamo tiana 300 ta makumba (nsomba yofanana ndi chambo), totalika ngati chala. Patangopita masabata awiri, malume adatulukira ndi ndowa, muli milamba inayi yowedza okha, uliwonse ngati mkono wa mwana. "Ponyamo mphwanga, nsomba ndi nsomba basi." Mphatso ya malume ungaikane bwanji? Ndidaponyamo.

M'mawa uliwonse ndinkawaza madeya, koma madzi adaleka kuwira monga ankachitira poyamba. Ndidanamizira akakowa. Ndidanamizira ng'anzi, mpaka kutchera msampha. Kenako ndidayamba kuwayang'ana ndi diso lofiira ana a aneba, ndipo mpaka lero ndikakumana nawo manyazi amandigwira. Titaphwetsa dziwe patatha miyezi isanu ndi umodzi, makumba sadakwane 40. Milamba idatsala itatu, yonona ngati yodyera paukwati. Wachinayi udathawa usiku wa mvula, poti mlamba umatha kupuma kunja kwa madzi n'kumakwawa pa udzu wonyowa.

Mlamba umasaka usiku, ndipo chilichonse chokwana m'kamwa mwake ndi ndiwo, ngakhale mwana wa mlamba unzake. Amene adzakuuzeni kuti ukamakhuta madeya suvuta, mumufunse ngati adawerengapo nsomba zake pokolola.

Za mbuna ndiye iwalanitu. Ndikudziwa, kwanu ku Salima mumaziona zikupakiridwa kupita ku Ulaya, zabuluu ndi zachikasu, mtima n'kuti dyoko. Koma izo n'za m'miyala ya m'nyanja, m'madzi oyera mbee, ndipo yamphongo imalondera mwala wake ngati munda wa makolo. M'dziwe lobiriwira ndi zitosi za nkhuku simudzaziona n'komwe, zidzangozunzika.

Chinanso chimandinyansa: aliyense wogulitsa mbewu ya nsomba amati yake ndi chambo. Chambo chenicheni cha m'maiwe, Oreochromis karongae, chilipo, koma zambiri zomwe alimi timaweta ndi makumba, Oreochromis shiranus. Makumba amayamba kuswana akadali aang'ono, dziwe n'kudzaza ndi tinsomba tokwinimbira. Ndipo wina akakunong'onezani za tilapia ya ku Nile yoti imakula msanga, mum'bweze pachipata. Boma sililola nsomba imeneyi m'dziko muno, ndipo inu muli pakhomo pa nyanja. Madzi akasefukira kamodzi, yalowa m'nyanja, n'kukasakanikirana ndi chambo chathu.

Tsono muikemo ziti?

Makumba ndi chilunguni, nsomba inanso ya m'gulu la tilapia. Salimbirana mbale: makumba amadya tizomera tosaoneka ndi maso tobiriwitsa madzi, pamodzi ndi madeya, pomwe chilunguni chimabudula masamba a mbatata, a chinangwa ndi chisoso. Zikhale za msinkhu umodzi, ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita. Mlamba muuike pambuyo, zinazo zitakula n'kuyamba kuswana, ndipo ukhale wochepa msinkhu kuposa izo, wowerengeka, kuti uzingopatulira tiana tochuluka. Mbewu funsani kwa alangizi a zausodzi, poti ofesi yawo muli nayo pafupi ku Senga Bay komweko. Malume anu akabwera ndi ndowa, tsukani mphika.