Anti ndithandizeni, filimu yandisokonezera mwana

Anti, mwana wanga wa Fomu 3 anakaonera filimu ku vidiyo sho pa Dwangwa, ija ma DJ amaikamo mawu a Chichewa. Akuti bambo wina wosakhulupirira Mulungu anatsekera m'busa m'nyumba, mfuti pamutu, kuti akane chikhulupiriro chake, ndiye anyamata ena amaombera m'manja bamboyo koma ena anatuluka atakwiya osadikiranso kuti ithe. Chibwerereni mwanayu akungondifunsa kuti ngati Mulungu alipo bwanji agogo ake anavutika chonchija asanamwalire. Ndimuletse mafilimuwa? Mayi wodandaula, Nkhotakota

Mayi, pepani, koma musamuletse, akaonerabe pafoni ya mnzake inu osadziwa. Opanga mafilimu otere amafuna mtima uzigunda mpaka kumapeto, n'chifukwa chake amasankha munthu wankhanza kwambiri kuti aimire mbali imodzi. Anthu osapemphera aliponso kuno kwathu, kalembera wa 2018 anapeza pafupifupi 2 mwa anthu 100 alionse, ndipo gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu pa nkhani ya chikhulupiriro. Ambiri ndi anthu wamba, sayenda ndi mfuti.

Chimene chandikhudza ine ndi funso la agogolo, limenelo silinachokere mufilimu ayi, mwanayu akulirabe maliro. Khalani naye pakhonde madzulo mukatha kudya, mumufunse zimene amakumbukira za agogo ake, mumusiye alankhule osamudula. Ngati akufuna, mukawerenge limodzi buku la Yobu, nayenso anafunsa zomwezo mokweza, kenako mupite naye kwa abusa amene sapsa mtima ndi mafunso.