Triggerfish yanga yatha anzake m'thanki, nditani?

FUNSO: Amalume, ndikuweta nsomba ya m'madzi amchere yotchedwa triggerfish, ya mtundu wa clown, m'thanki ya malita 200. Ndinaigula ili kakang'ono, kokongola ndi madontho oyera kumimba. Pano yapha tinsomba tiwiri, yadya nkhanu, ndipo dzulo yandiluma chala ndikutsuka galasi. Kodi pali njira yoti ifatse? — Bambo wa ku Chelstone, Lusaka

YANKHO: Achimwene, siidzafatsa, ndipo musatayenso ndalama kugula nsomba zina zoti zikaphedwe. Clown triggerfish imaoneka yamanyazi ikadali yaing'ono, koma ikamakula siilolanso inzake pafupi. Kwawo m'nyanja za Indian ndi Pacific imafika masentimita 50, ndipo mano ake ndi ophwanyira zigoba za nkhanu ndi nkhono. Nkhanu yanu ija kwa iyo inali ndiwo basi.

Ikhale yokha, ndipo malita 200 achepa. Ine ndingati konzekerani thanki ya malita 1,000. Miyala muiyale molimba poti imaigubuduza, ndipo muisiyire phanga. Ikachita mantha kapena ikafuna kugona imalowa m'phangamo n'kuimika munga wa pamsana, munga wachiwiri n'kuukhoma kuti usagwe. Zikatero musaikoke. Poisamutsa gwiritsani ntchito chidebe, chifukwa mungawo umakodwa mu ukonde. Hita ndi mawaya muzitchinge, imaluma zimenezonso.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kuno ku Lusaka ndi kuzimazima kwa magetsi, osati ukali wake. Nsomba imeneyi imadya kwambiri n'kuipitsa madzi msanga. Pampu ikaima kwa maola angapo mpweya umachepa m'madzi, tizilombo tabwino ta mu fyuluta timayamba kufa, ndipo nsomba yooneka yolimba chonchi mukhoza kuipeza m'mawa itafa. Mu June ndi July usiku kumazizira zedi, pamene iyo imafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27. Ngati mulibe inveta ndi batire zoyendetsa pampu ndi hita, yambani mwagula zimenezo, thanki yaikulu ibwere pambuyo.

Madzi a m'mijigo yathu ali ndi laimu wambiri, choncho aziyamba adutsa m'makina osefera madzi a RO (reverse osmosis), amene amachotsa laimuyo. Mchere ukhale wopangidwira nsomba za m'nyanja, pafupifupi magalamu 35 pa lita, wakukhitchini ayi. Chakudya muziipatsa ma prawns ndi nkhono za m'nyanja zosasenda, chifukwa mano ake amakulabe ndipo zigobazo zimawaperesa. Musamaidyetsere pamanja, ndi mmene imazolowerera kuluma zala.

Mukaona kuti zonsezi simungazikwanitse, kambiranani ndi amene anakugulitsani kuti aitenge isanakule kwambiri, poti yaikulu imavuta kuipezera mwini. Chalacho muchitsuke bwino ndi sopo, ndipo chikatupa kapena kufiira pitani kuchipatala, mukawauze kuti yakulumani ndi nsomba ya m'madzi amchere.