"Database is locked": kodi SQLite ndi yotaya?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Analemba pulogalamu ya Python yowerengera katundu m'sitolo ya mbewu ndi feteleza, ndipo zonse amasunga mu SQLite, pulogalamu yosungira deta (database). Akuti kulowetsa mndandanda wa katundu kuchokera mu fayilo ya CSV kukuchedwa koopsa. Komanso chiikireni fayilo ya database mu foda yogawana kuti makompyuta atatu aziigwiritsa ntchito, uthenga wa "database is locked" sukusiya kutuluka. Akufunsa ngati SQLite ndi yachabechabe.

Achimwene, si yachabechabe ayi. D. Richard Hipp anaitulutsa mu 2000, ndipo lero ili m'foni iliyonse ya Android ndi iPhone. Kungoti mwaipatsa ntchito ya seva, pamene iyo ndi laibulale yokhala m'kati mwa pulogalamu yanu, yolemba m'fayilo imodzi.

Za kuchedwa n'zosavuta. Mu kodi ya pulogalamu mwatumizayi, commit(), lamulo lomaliza transaction (gulu la zosintha zolembedwa pamodzi), ili m'kati mwa loop. Pa commit iliyonse SQLite imadikira disiki itsimikize kuti zalembedwadi. Eni ake a SQLite amanena kuti disiki yakale yozungulira imangokwanitsa ma transaction pafupifupi 60 pa sekondi, chikhalirecho ma INSERT a mu transaction imodzi amatha kupitirira 50,000 pa sekondi. Tulutsani commit() ija, gwiritsani ntchito executemany(), muchite commit kamodzi pomaliza. Kufufuza katundu kukamachedwanso, lembani EXPLAIN QUERY PLAN kutsogolo kwa query yanu. Mukaona mawu akuti SCAN, ikuwerenga tebulo lonse, ndiye ikani index pa column yomwe mumafufuzirapo. Basi.

Tsono nkhani ya loko. SQLite imalola wolemba mmodzi yekha pa nthawi. Zili ngati buku la ngongole la pagolosale: angapo angasuzumiremo, koma cholembera n'chimodzi. Wachiwiri akafuna kulemba amadikira, ndipo Python imamudikiritsa masekondi 5 isanatulutse uthenga ukukusowetsani tulowo. Kulemba kwenikweni sikufika ngakhale sekondi, ndiye funso n'lakuti, ndani akukakamira cholembera nthawi yonseyi?

Ndi pulogalamu yanu yomwe. Mumachita UPDATE wogulitsa akangosankha katundu, koma commit() imabwera akadina batani lotsimikiza. Taganizani: kasitomala wafuna matumba anayi a Urea, wogulitsa wasankha pa sikirini, kenako wapita kuseri kukaona ngati alipodi, wakumanako ndi mnzake, ayamba kucheza. Nthawi yonseyo makompyuta ena awiri aja sangalembe kanthu. Sonkhanitsani kaye zonse zimene wogulitsa akulowetsa, akatsimikiza m'pamene mutsegule transaction, mulembe, mutseke pompo.

Pali kamsampha kena kamene kamagwira ngakhale akatswiri. Transaction ikayamba ndi kuwerenga kenako n'kufuna kulemba, wina atayamba kale kulemba, SQLite ikhoza kukana nthawi yomweyo osadikira n'komwe, kaya timeout mwaikweza bwanji. Mankhwala ake ndi kuyamba ndi BEGIN IMMEDIATE paliponse pamene mukudziwa kuti mulemba.

Mukafunsa pa intaneti ambiri akuuzani kuti muyatse PRAGMA journal_mode=WAL. Ndi malangizo abwino: WAL, njira yoyamba kulemba zosintha m'kafayilo kapadera, inabwera mu 2010 ndi SQLite 3.7.0, ndipo imalola owerenga kupitiriza wina akulemba. Koma kwa inu, pakadali pano, ayi. WAL imafuna kuti onse ogwiritsa ntchito fayilo akhale pa kompyuta imodzi, chifukwa amagawana memory. Ndipo ngakhale popanda WAL, loko wa mafayilo pa netiweki ndi wosadalirika. Tsiku lina awiri adzalemba nthawi imodzi, uthenga wake udzakhala "database disk image is malformed". Pamenepo mudzalakalaka "locked" uja.

Ine ndikanati fayilo ichoke mu foda yogawana sabata ino. Ikhale pa kompyuta imodzi, mulembe kapulogalamu kakang'ono ka Flask (chida cha Python chopangira mawebusaiti) pamenepo, ena azilowa kudzera pa browser. Apo WAL muyatse, ndipo kwa ogulitsa atatu SQLite siituluka n'thukuta lomwe. PostgreSQL, database yoyendera seva, muiganizire mukadzatsegula nthambi zina, kapena olemba akadzachuluka. Kuithamangira lero n'kudzionjezera seva yoti muziisamalira, transaction yotseguka ija ili chikhalire.

Kuno magetsi amatha kuzima osatsanzika, choncho musamvere okuuzani kuti PRAGMA synchronous=OFF, yoletsa kudikira disiki kuja, ifulumizitsa zinthu. Imafulumizitsadi, koma magetsi akathima pakati pa kulemba, fayilo ikhoza kuwonongeka. Pa WAL, synchronous=NORMAL siiwononga fayilo, ngakhale mungataye zimene zinalembedwa kumapeto kwenikweni. Poti izi ndi ndalama za eni sitolo, ine ndingaisiye pa FULL.

Mukayatsa WAL muona timafayilo tiwiri tatsopano, tothera ndi -wal ndi -shm. Musatifufute poyesa zinyalala, chifukwa mu -wal mumakhala malonda amene sanalowe m'fayilo yaikulu. Pa chifukwa chomwecho, kukopera fayilo ya .db yokha pa flash pulogalamu ili yoyaka si backup. Gwiritsani ntchito VACUUM INTO kapena lamulo la .backup, kenako muyese kopeyo ndi PRAGMA integrity_check. Ndipo musanasamutse fayilo yakhala mu foda yogawanayo, iyeseninso chimodzimodzi. Ikayankha china chosakhala "ok", mundilembere musanakhudze kanthu.