Kwa mayi amene foni yawo yadzaza nyimbo za ana

Mayi, mwafunsa kuti ife makolo timamvera nyimbo zanji patokha, poti inu chibadwire ana foni yanu yangodzaza nyimbo za kumkaka, ndipo mnzanu wakuuzani kuti muyeseko jazi koma simukudziwa poyambira. Mundikhululukire nditalikitsa, nkhaniyi yandikhudza.

Ine ndine telala kuno ku Mchinji boma, ana ndili nawo atatu. Matenda anuwa anandigwira pamene wachisamba ankayamba sukulu ya mkaka. Tsiku lina ndikusoka yunifomu, ndinangozindikira kuti phazi likuponda makina motsatira kanyimbo kowerengera manambala kamene mwana ankaimba m'mawa. Kasitomala ali pabenchi kukamwa yasa, bambo wandevu ndikung'ung'udza za wani, thuu, filii. Musadzione ngati mwapepera. Tinyimbo timeneti anatipanga dala kuti tizikakamira m'mutu: mawu ochepa, obwerezabwereza, osakwera kapena kutsika patali, kuti mwana agwire msanga. Ndiye wamkulu angapulumuke bwanji?

Poyamba ndinkati zanga ndizimvera ana akagona. Zinakanika. Ana akamagona iwenso umakhala utatheratu, nyimbo yachiwiri isanathe uli mkonono.

Amene ananditsegula maso ndi mayi anga, atabwera kudzationa kuchokera ku Mkanda. Usiku wina magetsi atazima anasonkhanitsa adzukulu pamphasa. Iwo "padangokhala", ana "tilitonse". Pakati pa nthano panali nyimbo, monga mwa nthawi zonse, iwo kutsogolera, ana kuvomera. Ndinatchera khutu. Mbali ya ana sinkasintha, koma agogowo ulendo uliwonse ankaipotoza yawo: apa aikoka, apa aithamangitsa, apa alowetsamo dzina la mdzukulu amene wayamba kuodzera kuti adzidzimuke. Mawa lake anaimbanso nyimbo yomweyo koma mosiyana ndi dzulo. Mayi, jazi ndi zimenezo basi. Ena amagwira maziko osasuntha, wina n'kumayendayenda pamwamba pake mmene mtima wamuuzira nthawi yomweyo, kenako n'kubwerera pamene anayambira. Anayambitsa jazi ndi anthu akuda a ku New Orleans ku America cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo kuyambitsa ndi kuvomeraku anachoka nako kuno ku Africa makolo awo. Khutu limene linakulira chitelele pamwezi kapena chimtali silingasochere m'menemo.

Tsono poyambira, ine ndinganene kuti yambirani kwathu konkuno. Akuluakulu athu mawu oti jazi ankatchulira magulu a banjo, ng'oma zopanga okha ndi babatoni, chigitala chachikulu cha besi chopanga okha. Funani Alan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona, ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Funaninso Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, akatswiri a gitala ndi chitoliro cha kwela. Odziwa za nyimbo akhoza kutsutsa kuti imeneyo si jazi yeniyeni ya ku America, ndipo akunena zoona, koma ana amaivina osauzidwa, ndiye nyumba yonse imakhala pamodzi. Mukazolowera, pitani kwa Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu 2021. Zambiri ankaimba m'Chitumbuka, ndipo ine Chitumbuka changa n'cha moni yekha, koma sindinaonepo kuti ndikumanidwa kanthu. Kwa ine palibe Mmalawi amene analuka jazi ndi mayimbidwe a kumudzi bwino kuposa iyeyo. Kuchoka apo mukhoza kuwoloka kupita ku South Africa kwa Hugh Masekela, mwini lipenga, amene anamwalira mu 2018. Mwa amene ankamuimbira gitala munali mwana wakwathu, Erik Paliani. Za ku America zibwere pambuyo, ndipo muyambe ndi Louis Armstrong, chifukwa mawu ake okhakhala aja ana amaseka nawo. Zija za mphindi khumi ndi zisanu sakisofoni ikulira yokha musathamangire. Ine ndinayamba nazo, ndipo mayi a kunyumba anandifunsa ngati wailesi yawonongeka.

Ife a kumalire kuno tili ndi mwayi wina woti mawailesi a ku Chipata amamveka bwinobwino, ndiye kalindula tinakula naye. Gitala ya besi ya kalindula inandiphunzitsa kumvetsera chida chimodzi pakati pa zinzake, zimene zimathandiza kwambiri pa jazi. Yesani: nyimbo imodzi muimvere katatu, koyamba mutsate ng'oma, kachiwiri besi, kachitatu woimbayo.

Za nthawi, ine ndinasiya kubisala. Ndinapita kwa anyamata obena nyimbo kumsika, anandiikira mu memore khadi magawo awiri, la ana ndi langa, chifukwa bandulo ya tsiku ndi tsiku thumba la telala silingakwanitse. Kunyumba lamulo ndi lakuti yawo imodzi, yanga imodzi. Masiku oyamba kunali kulira ndi kugubuduka pansi, sindinagonje. Chabwino china n'chakuti nyimbo zopanda mawu sizikuchititsa manyazi. Zambiri zimene zikuvinidwa masiku ano uyenera kukhala chala chili pa batani, kuopa kuti mwana akabwereza zolaula pamaso pa aphunzitsi a Sande sukulu. Lipenga silitukwana.

Komanso za anazo musazifufute msanga. Wachisamba wanga ali Fomu 2 tsopano, amamvera zake m'makutu ndipo sandiuza n'komwe kuti ndi zandani. Tsiku lina kanyimbo ka manambala kaja kanalira mwangozi ku shopu, ndinaimitsa makina mpaka kanatha.

Wamng'ono yekha ndi amene adakali mbali yanga. Masekela amamutchula kuti agogo a lipenga, ndipo Loweruka lapitali anatenga fanulo yothirira palafini n'kuima pakhonde kuyankhana nawo, mpaka nkhuku za aneba zinathawira kuseri.