Mwafunsa, Tayankha: Zolakwika ndi Maphukusi mu Debian

Akonzi, pulogalamu ina pa kompyuta yanga ya Debian imangodzitsekera yokha ndikatsegula fayilo yaikulu. Ndikanene kuti, ndipo ndilembe chiyani kuti andimvetse?

Musanalembe kalikonse, pezani dzina la phukusi, mtolo wa mafayilo umene pulogalamu imabweramo mu Debian. Dzina limene mumaliona pamwamba pa pulogalamu nthawi zambiri silifanana ndi la phukusi lake. Lembani dpkg -S motsatana ndi njira yonse ya fayilo ya pulogalamuyo, ija yoyamba ndi /usr/bin/, ndipo kompyuta ikuuzani phukusi limene linabweretsa fayiloyo. Mukalipeza, apt policy ikuonetsani version imene muli nayo komanso nkhokwe, malo osungira maphukusi pa intaneti, imene inachokera. Ikakhala nkhokwe ya anthu ena, osati ya Debian, lipoti lipite kwa eni nkhokweyo.

Phukusi likakhala la Debian, gwiritsani ntchito reportbug, pulogalamu yolembera malipoti a zolakwika. Imayamba ndi kukuonetsani malipoti amene ena analemba kale pa phukusilo. Awerengeni. Vuto lanu likakhala kuti lilipo kale, musatsegule lipoti lachiwiri; onjezerani pa lakalelo ngati muli ndi chatsopano, monga version ina kapena njira yachidule yobweretsera vutolo. Kungolemba kuti "nanenso zikundichitikira" sikuthandiza wokonza. Likakhala latsopano, reportbug imasonkhanitsa yokha version, maphukusi amene pulogalamuyo imadalira ndi kernel yanu, n'kutumiza zonse pa imelo. Njira yosungira malipotiyi, debbugs, anaiyambitsa Ian Jackson mu 1994, ndipo mpaka lero imayendera imelo, kotero simufunika kutsegula akaunti.

Mbali yanu ndi zinthu zitatu: zimene munachita mwandondomeko, zimene mumayembekezera, ndi zimene zinachitika. Fayilo "yaikulu" ndi yaikulu bwanji? Tchulani kukula kwake, ndipo yesani kupeza malire, kuti ya 50 MB imatseguka koma ya 200 MB ayi. Popeza pulogalamu yanu ikufa mwadzidzidzi, chofunika koposa ndi backtrace, yomwe imaonetsa pamene inagwera. Ikani maphukusi a dbgsym a pulogalamuyo, amene amakhala ndi mayina a zigawo za code yake, iyendetseni mkati mwa gdb, chida chofufuzira zolakwika, ndipo ikagwa lembani bt full. Popanda dbgsym mudzangoona mizere yodzaza zizindikiro za funso, imene wokonza sangapite nayo patali.

Kumbukirani kuti malipoti onse amaoneka kwa aliyense pa intaneti ndipo amakhalitsa. Chotsani mawu achinsinsi ndi zapamtima m'mafayilo musanatumize. Ngati mwapeza bowo la chitetezo limene silinalengezedwe, lipite mwachinsinsi ku gulu la zachitetezo la Debian.

Lipoti langa latha miyezi inayi popanda yankho. Kodi ndilikweze kukhala critical kuti alione?

Musatero. Magawo a kukula kwa vuto alipo asanu ndi awiri: critical, grave, serious, important, normal, minor ndi wishlist. Atatu oyambawo amatchedwa RC (release-critical, zolakwika zotsekereza kutulutsa), ndipo ali ndi mphamvu yaikulu: cholakwika chatsopano cha RC chimatsekereza phukusi kulowa mu testing, gawo la Debian limene lidzakhale stable yotsatira, ndipo chikakhalitsa phukusilo limatha kuchotsedwamo. Critical ndi ya vuto limene likuononga makina onse kapena mapulogalamu ena osakhudzana nalo. Grave ndi ya phukusi limene silikugwira ntchito pafupifupi kwa aliyense kapena likutaya deta. Vuto lanu likakhala losafika pamenepo, wosamalira phukusi adzangolitsitsa, ndipo mudzakhala mwamudyera nthawi imene akanakonzera.

Yambani mwatsegula tsamba la lipotilo, chifukwa mwina anakuyankhani kalekale inu osadziwa. Apa pamagwa anthu ambiri: imelo yotumizidwa ku nambala ya lipoti imapita kwa wosamalira phukusi ndi kwa amene analembetsa, koma siifika yokha kwa amene anayambitsa lipotilo. Wofunsayo akaiwala kukuikani pa Cc, funso lake limangokhala patsamba. Mukapezapo chizindikiro cha moreinfo kapena unreproducible, ndiye kuti akudikira inu. Yankhani, ndipo lembetsani ku lipotilo kudzera pa adiresi yake yothera ndi -subscribe.

Kukakhaladi zii, chitani zimene zingapepukitse ntchito ya wokonza. Yesani version yatsopano ya eni pulogalamu, amene timawatcha upstream. Vuto likakhala liliponso kumeneko, likaneneni kwa iwo, ndipo pa lipoti la Debian ikani forwarded ndi adiresi yake. Ngati iwo anakonza kale, tchulani commit yeniyeniyo, kusintha kwa code kumene kunakonza vutolo, ndi kuika chizindikiro cha fixed-upstream. Lipoti lokhala ndi patch (fayilo ya zosintha zokonza code) yoyesedwa limayenda msanga kuposa lina lililonse.

Osamalira maphukusi ambiri ndi ongodzipereka, ndipo ena amasowa osatsanzika. Debian ili ndi njira zake pa zimenezi. Wina angathe kukweza phukusi lokonzedwa m'malo mwa mwiniwake, zomwe amazitcha NMU. Nthawi zambiri amaliika pamzere wa DELAYED, pamene lingadikire masiku osapitirira 15, kuti mwiniwake apeze mpata wokana. Phukusi likaoneka kuti lanyanyalidwa, wofuna kulitenga amalemba lipoti la ITS, lolengeza cholinga chakecho, n'kudikira masiku 21. Palinso gulu la MIA limene limafufuza osamalira amene asiya kuyankha.

Ndalandira imelo yoti cholakwika chatsekedwa, koma pa kompyuta yanga ya stable chikadalipo. Andinamiza?

Ayi. Wosamalira akalemba Closes: ndi nambala ya lipoti mu debian/changelog, lipotilo limatsekeka lokha phukusi likangolandiridwa, ndipo maphukusi atsopano amafikira mu unstable, yotchedwanso sid. Kuchoka kumeneko phukusi limadikira masiku angapo, kawirikawiri 5 pa urgency ya medium, lisanalowe mu testing, ndipo limalowa pokhapokha ngati lamangika bwino ndipo silinabweretse cholakwika cha RC chatsopano. Tsamba la lipoti limasonyeza ma version amene vuto linapezekamo ndi amene linakonzedwamo. Yerekezani ndi yanu.

Stable, imene panopa ndi Debian 13 trixie yotuluka mu Ogasiti 2025, imasintha pang'ono mwadala. Imalandira zokonza za chitetezo, ndi zina zazikulu zimene oyang'anira kutulutsa avomereza, kudzera mu point release, kutulutsa kwakung'ono kwa stable yomweyo. Ngati vuto lanu ndi lalikulu ndipo patch yake ndi yaing'ono, pemphani pa lipoti lomwelo kuti aikenso mu stable. Apo ayi, onani ngati phukusilo lili mu backports, nkhokwe ya maphukusi atsopano omangidwira stable. Chosayenera ndi kuthira nkhokwe ya sid pa kompyuta ya stable kuti mupeze phukusi limodzi: limakoka libc yatsopano, laibulale imene mapulogalamu ambiri amadalira, ndi zina zambiri, ndipo apt sinapangidwe kuti ibwerere m'mbuyo. Kuchedwaku kuli ndi phindu lake. Mu Malichi 2024 Andres Freund atatulukira khomo lobisika mu xz-utils 5.6.0 ndi 5.6.1, ma version amenewa anali atafika mu sid ndi testing, koma mu stable munalibe.

Ndikufuna kuyamba kusamalira phukusi. Ndiyambire pati?

Yambirani pa phukusi limene mumagwiritsa ntchito inu eni, chifukwa zolakwika zake mudzaziona msanga. Onani mndandanda wa WNPP, wa maphukusi ofuna anthu owagwirira ntchito. Olembedwa O ndi amasiye, alibe wowasamalira. RFA ndi amene mwiniwake akufuna womulandira. RFH ndi amene akufuna omuthandiza, ndipo kwa woyamba kumene awa ndiye abwino, popeza mumaphunzira pali wina wokuongolerani. Mukasankha lamasiye, sinthani mutu wa lipoti lake kukhala ITA kuti ena adziwe kuti lili ndi mwini.

Tengani source yake, kawirikawiri pa Salsa, tsamba la Debian losungirapo code, ndipo werengani malipoti onse otseguka musanakhudze fayilo iliyonse. Ntchito yanu ili mu foda ya debian: control imatchula zodalira, rules imamanga, changelog imasunga mbiri, copyright imafotokoza ziphaso, watch imathandiza uscan kupeza version yatsopano. Mangani ndi sbuild kapena pbuilder, osati pa kompyuta yanu mwachindunji. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta yanu ili ndi malaibulale amene munaika kale. Mukaiwala kulemba imodzi mu Build-Depends, kwa inu phukusi limangika, koma pa makina omangira a Debian likana, ndipo mudzalandira lipoti la FTBFS, lonena kuti phukusi likulephera kumangika, lomwe ndi serious. Mukamanga, yendetsani lintian, chida chounikira maphukusi, ndi kuwerenga chenjezo lililonse. Popeza mulibe chilolezo chokweza nokha, ikani phukusi pa mentors.debian.net ndi kulemba lipoti la RFS, lopempha wokukwezerani, kuti Debian Developer aliunike n'kulikweza.

Pa ma patch m'pofunika kusamala kwambiri. Chilichonse chimene mwasintha pa code ya eni chikhale fayilo yakeyake mu debian/patches, yofotokoza chifukwa chake, ndipo muitumize kwa upstream kuti aione yonse. Mu 2006 phukusi la OpenSSL, laibulale yopangira makiyi achitetezo, mu Debian linachotsedwa mizere ingapo pofuna kuletsa machenjezo a Valgrind, chida chofufuzira zolakwika za memory, ndipo umodzi mwa mizereyo ndi umene unkathira manambala osalosereka popanga makiyi. Panatsala nambala ya process yokha, kotero makiyi otheka a mtundu ndi kukula kumodzi anali pafupifupi 32,768 basi. Phukusi linkamangika, mapulogalamu ankayenda, ndipo palibe anaona kanthu mpaka Luciano Bello atatulukira vutoli mu Meyi 2008. Makiyi a SSH ndi SSL opangidwa pa Debian ndi Ubuntu m'nyengo imeneyo anayenera kutayidwa n'kupangidwa atsopano.