Ahedi anabweza mwana chifukwa cha hijabu, papita miyezi iwiri: werengani masiku kaye

Mayi, mwati mwana wanu wa fomu 2 pa sekondale yoyendera ya boma ahedi anamubweza pa asembule kuti asadzabwerenso atavala hijabu, ati ndi lamulo la boma, ndiye papita miyezi iwiri ndi sabata imodzi ali pakhomo, ndipo amalume ake akuti mudekhe poti a shehe ndi a komiti ya sukulu akukambirana. Mukufunsa ngati lamulo limenelo lilipodi komanso kuti mupite kuti.

Ine chomwe chandikhudza kwambiri ndi miyezi iwiri ndi sabata imodziyo, za lamulo tibwerako. Njira yotsutsira chiganizo cha ofesi ya boma ngati ya ahedi anuwo ku High Court ndi ija timati judicial review, kupempha jaji kuti aunike ngati chiganizocho chinatsata malamulo. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku High Court a 2017, pa Order 19, amati pempho limeneli lilowe pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe chiganizo chinapangidwa. Tsiku lake ndi lija la pa asembule. Si tsiku lomwe zokambirana zidzalephereke, si tsiku lomwe amalume adzatope ayi. Ndiye mukawerengetsa mwatsala ndi masabata ngati atatu okha, ndipo m'masabata omwewo loya afunika akhale nanu pansi, alembe chikalata cholumbira, mukalumbire, akapemphe chilolezo kwa jaji chifukwa mlandu wamtunduwu sumangoyamba, umayamba ndi chilolezo.

Zoona, khothi lili ndi mphamvu yowonjezera nthawi. Koma limafuna chifukwa chomveka, ndipo mawu oti "timakambirana" majaji ena amawalandira ena sawalandira, makamaka ngati palibe pepala ngakhale limodzi losonyeza kuti zokambiranazo zinachitikadi, liti, ndi ndani. Ndinaonapo mlandu wabwinobwino, woti umboni unali poyera, ukugwera pakhomo penipeni chifukwa banja linafika mwezi wachisanu, loya wa boma sanavutike n'komwe kuyankha za ufulu wa mwana, anangoimirira nkuwerenga madeti basi. Alipo maloya amene amati tsiku lililonse lomwe mwana akukanizidwa kulowa m'kalasi ndi chiganizo chatsopano ndiye nthawi sinathe. Mfundoyo itha kugwira, koma ine sindingaikepo sukulu ya mwana wanga pamene njira yofika nthawi yake ikadalipo.

Ndipo pali china chomwe chimayendera limodzi ndi ichi. Ahediwo anangoyankhula pakamwa, mulibe kalata. Ndikuuzeni zomwe zimachitika nkhani ikafika patali: sukulu imati ife sitinathamangitse mwana aliyense, anangosiya yekha kubwera, nayi rejisitala, ndipo mu rejisitalamo muli zoti sanabwere tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri. Jaji amaunika chiganizo, ndiye ngati mbali inayo ikukana kuti panali chiganizo, ntchito yanu yoyamba imasanduka yotsimikiza kuti chinalipo. Akuluakulu ambiri a m'maofesi amadziwa bwino chifukwa chake sakonda kulemba zinthu zotere, si kuiwala ayi.

Ndiye mawa lomwe, osati Lolemba, lembani kalata inuyo. Ya pamanja ndi yokwanira, m'Chichewa momwemu. Munene tsiku lomwe mwana anabwezedwa, mawu omwe ahedi ananena, ndi kuti mukupempha mwana abwerere m'kalasi atavala hijabu yake, apo ayi akupatseni zifukwa zolembedwa pasanathe masiku atatu. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pamene ofesi ya boma yachita chinthu chokhudza ufulu wanu, ndiye simukupempha chifundo. Makope akhale awiri, imodzi adinde chidindo cha sukulu ndi deti mubwerere nayo kunyumba. Akakana kudinda, amene mwapita naye alembe kuseri kwa kope yanu kuti inaperekedwa kwa uje nthawi yakuti, asayine. Kope ina ipite ku ofesi ya maphunziro ya paboma kapena ya divishoni, chifukwa mawa loya wa boma adzafunsa ngati munayesako kudandaula kwa mabwana a ahediwo musanathamangire kukhothi. Koma chenjerani, kalata imeneyi siimitsa wotchi ija. Imangokupatsani umboni. Kudandaula kwa Ombudsman kapena ku Malawi Human Rights Commission nakonso ndi kwabwino, n'kwaulere, nthawi zina foni imodzi yochokera kumeneko imatsegula geti la sukulu mwachangu kuposa khothi, koma nakonso sikuimitsa miyezi itatu ija. Anthu ambiri amapusira pomwepa, amaona ngati poti fayilo yatsegulidwa kwinakwake ndiye kuti ali m'nthawi.

Amalume sindikuwanyoza, mbumba ndi yawo ndipo kukambirana n'kwabwino, nkhani zambiri za hijabu m'dziko muno zatha ndi kukambirana. Koma msonkhano womwe wakhala ukusinthidwa tsiku chifukwa tcheya wa komiti wapita kumaliro, kenako ahedi ali ku wekishopu, kenako tidikire atsegulire temu, umenewo mukhoza kuudikira mpaka mwana mayeso a JCE amudutsa. Apitirize kukambirana, inu mukulemba makalata ndi kuona loya mbali inayi, ziwirizi sizilimbana.

Tsono za lamulo lomwe ahedi akunena. Ine sindikudziwa lamulo lililonse la Nyumba ya Malamulo loletsa hijabu pa sukulu ya boma, afunseni m'kalata muja atchule dzina lake ndi gawo lake. Lamulo lolamula akazi zovala tinali nalo kale, Decency in Dress Act ya 1973 nthawi ya Kamuzu, lija loletsa thalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa mu 1993. Kungoti m'mitu ya anthu ena silinachokebe, mukumbukira mu Januwale 2012 mavenda akuvula amayi ovala mathalauzi ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu mpaka a Bingu wa Mutharika anachita kuyankhula kuti akazi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna. Zaka zoposa 18 lamulo litafa, anthu akulikakamizabe pamsika. Ndiye munthu akati "ndi lamulo la boma" musamangogwadira.

Chomwe chilipo ndi malamulo aakulu a 1994. Gawo 33 ndi ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, gawo 25 ufulu wa maphunziro, gawo 20 limaletsa tsankho kuphatikizapo la chipembedzo ndi loti uyu ndi mkazi. Ndipo pali chigamulo chomwe loya wanu adzanyamule: mu Meyi 2023 Jaji Zione Ntaba ku High Court ya ku Zomba anagamula kuti kukaniza ana a chi Rasta malo m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo aakulu, ndipo analamula unduna wa maphunziro kuti utumize kalata m'sukulu zonse. Mlanduwo unali wa tsitsi osati wa hijabu, ndiye wina atha kuyesa kuusiyanitsa, koma maganizo ake ndi omwewo, mwana asasankhitsidwe pakati pa chikhulupiriro ndi kalasi. Onaninso kuti ana aja chiletso cha khothi chowalola kulowa m'kalasi anachipeza mu 2020, chigamulo chomaliza chinadzabwera patatha zaka zitatu. N'chifukwa chake loya wanu popempha chilolezo apemphenso chiletso choti mwana abwerere m'kalasi mlandu uli mkati, kupanda kutero mutha kudzapambana mwana atakula kale.

Palinso mgwirizano wa mu 2021 womwe bungwe la Public Affairs Committee linathandiza kuti atsogoleri achikhristu ndi achisilamu asayinirane, pambuyo pa mikangano ya ku Balaka mu 2019 ndi ku Machinga mu 2020 pomwe sukulu zinatsekedwa ndipo katundu anawonongeka. Unalola atsikana kuvala hijabu yogwirizana ndi yunifomu ngakhale m'sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma. Umenewu ndi mgwirizano, si lamulo, simungasumire munthu pa iwo wokha, koma ngati sukulu za matchalitchi zinavomera, ahedi a sukulu ya boma yeniyeni adzavutika kufotokoza kuti iwo akuletsa potsamira chiyani.

Sindikulonjezani kuti mupambana. Gawo 44 limalola kuti ufulu uchepetsedwe ngati pali lamulo lotero, ngati kuchepetsako n'komveka komanso kofunikira m'dziko la demokalase, ndiye sukulu ikanena kuti hijabu ikhale ya mtundu wa yunifomu, kapena kuti nkhope izioneka pa mayeso, zimenezo khothi likhoza kuziona kuti n'zoyenera. Kuletsa kotheratu ndiye kovuta kukuteteza. Choncho m'kalata mwanu nenani kuti ndinu okonzeka kusoketsa hijabu ya mtundu wa yunifomu, zimakuikani pabwino pamaso pa jaji. Komanso tsimikizani kuti sukuluyo ndi ya boma ndithu. Ikakhala ya pulaiveti njira ya judicial review imakhala yokayikitsa ndipo loya adzayenera kulowera kwina.

Zotsalazi mwachidule. Mwanayo ndi wamng'ono, sangasume yekha, mudzasuma inuyo m'dzina lake, ndiye chiphaso chanu cha unzika, cha kubadwa kwa mwana ngati chilipo, kalata yomusankhira ku sukuluyo ndi malisiti a fizi zikhale mu envulopu imodzi. Ngati ndalama ya loya palibe pitani ku Legal Aid Bureau, ndipo mawu oyamba pa kauntala akhale deti lija ndi kuti miyezi itatu ikutha tsiku lakuti, apo ayi fayilo yanu idzaikidwa pamzere ngati ina iliyonse. Lembani mayina a anthu awiri kapena atatu omwe anamva ahedi akuyankhula, aphunzitsi nthawi zambiri amaopa kuchitira umboni bwana wawo ndiye kholo kapena membala wa komiti ndi wodalirika kuposa. Mameseji a pa WhatsApp a amalume ndi a komiti musafufute, ndi umboni wa zokambirana zija. Musapite kusukuluko ndi gulu, musalole anyamata a kumzikiti kukatseka geti, zikatero nkhani imasanduka ya chipolowe ndipo a polisi adzayamba ndi inu. Nkhaniyi musaiponye pa Facebook ndi chithunzi cha mwana.

Mwatchulanso kumapeto kuti tsiku lomwelo anyamata ena anamukoka hijabuyo pamsewu mpaka kuigwetsa. Imeneyo ndi nkhani ina, ya upandu, siidikira za sukuluzi. Pitani ku Victim Support Unit pa polisi yanu, kugwira munthu mwankhanza ndi mlandu, ndipo gawo 137 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ya upandu, limakhudza zonyazitsa ulemu wa mkazi. Mlandu womwe angatsegule adzaona apolisi ndi oimira boma, inu funsani nambala ya fayilo ndi dzina la wapolisi amene walemba sitetimenti, muzilembe pa pepala lomwe lija muli ndi madeti.