Malikisi a mwana si chikwapu

Achemwali, zoti amudulira mwana wanu malikisi chifukwa analongolola m'kalasi musazivomere ayi. Ndawerenga zimene mwalembazi mtima ukuchita kuwawa, chifukwa ine zinandionekera ndi mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, pasukulu ina konkuno ku Mzuzu. Dzina sinditchula.

Tsiku limenelo mvula inayamba usiku, ija ya kuno yosadziwa kukata. Ife timakhala ku Mchengautuwa, msewu unali matope okhaokha, a kabaza onse atabisala m'makhonde. Mwana anayenda wapansi, n'kufika belu litalira kale, anzake atayamba kulemba Biology, mayeso otsekera teremu. Mphunzitsi wawo anamubweza pakhomo, n'kumupatsa khasu kuti akakumbe dzenje la zinyalala kuseri kwa zimbudzi. Anandiimbira ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti, timapemphera limodzi. Ndinasiya bizinesi yanga pamsika osatseka n'komwe.

Ndinamupeza ali m'dzenje lofika m'mawondo, madzi ofiira atadzaza, yunifolomu itamatirira thupi. Nsapato anali atavula, waziika pachitsa pamodzi ndi cholembera ndi rula. Milomo ikunjenjemera, zala zitachita dzanzi moti khasu limamupulumuka. Atandiona sanalire. Anangoti, "Amama, anzanga amaliza kulemba?" Mwana woti usiku wake anawerenga ndi tochi mpaka ndinachita kumukalipira kuti agone!

Ndinalowa mu staff room matope ali thoo m'miyendo. Aphunzitsi aja ndinawapeza akumwa tiyi, osandipatsa ndi mpando womwe. Akuti, "Mayi, lamulo ndi lamulo, wochedwa salemba." Ndinati ndionetseni pamene lalembedwa. Zii. Ena anayamba kuyang'ana m'mafoni. Lipoti litatuluka, Biology anamupatsa 9, pansi atalemba kuti mwana ndi wamwano. Mwano wake uti? Wonyowa ndi mvula? Bambo ake ataona lipotilo anamukalipira asanamve nkhani yonse, mwana n'kuyamba kukana chakudya, akuti Biology aisiya, pomwe maloto ake onse anali unamwino. Mpaka lero aphunzitsi amene aja ndikakumana nawo m'tauni ndimatembenukira kwina. Munthu wamkulu, wa ana ake, kupsera mtima mwana wa mnzako chonchi? Teremu yotsatira ndinamusamutsa basi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti malikisi a pateremu ntchito yake n'kuuza mwana ndi kholo pamene wafika. A MANEB pa MSCE safunsa kuti unkafika nthawi yanji kapena unkasokosa. Amachonga pepala: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 wangokhoza, 9 walephera. Mapointi amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo kuti a NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite, akuganizire malo kuyunivesite ya boma pamafunika ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Tsono mphunzitsi akasakaniza khalidwe ndi malikisi, 9 ameneyo akutiuza chiyani? Mwana sadziwa Biology kapena anachedwa? Kholo umalipira ya part-time paphunziro loti mwana amalidziwa kale, pomwe limene likumuvutadi osaliona.

Komano musandimve molakwa, chibalo n'chofunika. Ana a masiku ano ena ndi osamva, amalowa ndi foni m'kalasi, ena amayankha mphunzitsi ngati mnzawo wa pampira. Kalasi yodzaza mpaka kukhomo, munthu mmodzi kutsogolo ndi choko, si zamasewera. Wosokosa asese, atchetche udzu, akolope, koma akaweruka, osati nthawi ya phunziro kapena ya mayeso. Ndipo wanuyo mumufunse bwinobwino, ana amabisa mbali yawo.

Ndiye chitani chonchi. Musapite mutapsa mtima, ndipo musayambire kwa ahedi. Yambani ndi fomu ticha, mwaulemu, mwana asakhalepo. Pemphani pepala lenilenilo limene analemba, muwerenge nokha malikisi a funso lililonse, muone ngati akugwirizana ndi a palipoti. Pemphaninso malamulo a sukulu olembedwa, aja ambiri timasayina mwana akamayamba Fomu 1 osawerenga. Ngati mulibe mawu oti wosokosa adulidwa malikisi, auzeni abwezere malikisiwo, chilango apereke china. Akakana, ndiye pitani kwa ahedi ndi kalata, kope lina musunge. Kumsonkhano wa PTA mukaidzutsenso nkhaniyi, mudzadabwa makolo angati adzaimirire pambuyo panu. Zikakanika zonsezi, ofesi ya maphunziro ya chigawo cha kumpoto ili konkuno, simufunika ulendo wa ku Lilongwe.

Za kumusamutsa musathamangire, makamaka ngati ali Fomu 4 ndipo analembetsa kale mayeso pasukulupo. Azilimbikira, azikhala kutsogolo, atalikirane ndi anzake olongololawo, mphunzitsiyo asapeze pomugwirira. Mukapita mudzatiuze kuti akuyankhani zotani.